Miyezi inayi ku Thyolo, kutchalitchi palibe ondidziwa dzina

NaphiriWaKuNtchisi:
Abale anga a pagulu pano, ndalimba mtima kuti ndilembe. Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Ntchisi, ndipo boma linanditumiza pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Thyolo, njira yopita ku Thekerani. Ndinafika mu April. Ndinakulira mu CCAP, mayi anga ndi a Chigwirizano, ineyo ndayimba kwaya kuyambira ndili sitandade 6. Lamulungu loyamba ndinafunsa njira ya kutchalitchi, ndinapita. Nthawi ya alendo anandiimiritsa, ndinatchula dzina ndi kumene ndachokera, anawomba m'manja. Zinathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndimalowa, ndimakhala benchi lachitatu kuchokera kumbuyo, ndimaponya chopereka, ndimatuluka. Panja anthu amaima m'timagulu, aliyense ndi abale ake, agogo ena akucheza m'Chilomwe, ine ndimangodutsa.

Sabata yatha ndinagona ndi malungo masiku anayi. Panja chiperoni chili mbuu, zovala zosauma, makala onyowa. Amene anagogoda pakhomo ndi mwana mmodzi yekha, ahedi anamutuma kudzatenga makiyi a kabati ya mabuku. Ndinalira usiku umenewo. Kwathu ndikanadwala chonchi, amayi a kumpingo akanasinthana ndi phala pakhomo. Tsono ndifunse: inu amene munakhalako kutali ndi kwanu, munatani kuti mpingo ukuwerengereni ngati wawo? Kapena ndingosintha mpingo?

MwanaWaSapitwa:
Pepani kwambiri aphunzitsi. Panopa thupi lili bwanji? Mankhwala munamaliza?

NaphiriWaKuNtchisi:
Ndinamaliza achimwene, ndayamba kupita kuntchito. Zikomo pofunsa.

MkuluWaMpingoLuchenza:
Mayi Naphiri, ndisanayankhe zambiri, ndikufunseni chimodzi. Kalata yosamukira munabwera nayo kuchokera kumpingo kwanu?

NaphiriWaKuNtchisi:
Ayi bambo. Ndinkaganiza kuti mwina sindikhalitsa, ndinkafuna kupempha kuti andibwezere chigawo chapakati. Komanso ndinkakayika ngati kalata ya Sinodi ya Nkhoma angailandire kuno.

MkuluWaMpingoLuchenza:
Ndiye pamene pagona nkhani ndi pamenepo. Kalata ya Nkhoma imalandiridwa bwinobwino ku Sinodi ya Blantyre. CCAP inapangidwa mu 1924 ndi a Livingstonia ndi a Blantyre, a Nkhoma analowa mu 1926, ndife nyumba imodzi ngakhale zina timachita mosiyana. Kwanu amayi ndi a Chigwirizano, kuno ndi a Mvano, kumpoto ndi a Umanyano, ntchito yake ndi yomweyo.

Koma ndikuuzeni mmene zimayendera mkatimu, chifukwa ndakhala pa udindowu zaka zambiri. Tchalitchi cha Lamulungu m'mawa si malo odziwirana. Anthu mazana, mapemphero atha, aliyense akuthamangira kukaphika. Kudziwana kuli kumlaga. Mpingo unagawidwa m'milaga potsata midzi ndi malo amene anthu akukhala, mlaga uliwonse uli ndi akulu ampingo ndi atumiki ake, amakumana pakati pa sabata m'nyumba za akhristu mosinthana. Munthu akadwala, uthenga umayamba kufika kumlaga. Maliro akagwa, oyamba kufika ndi a mlaga. Tsono ngati dzina lanu silili m'buku la mlaga uliwonse, amene akanabwera kudzakuonani ndani? Sikuti anakukanani. Sakudziwa kuti muli pakhomo liti. Imbirani mlembi wa mpingo wakwanu akulembereni kalata, koma musadikire kuti ifike. Lamulungu likubwerali mufunse kuti nyumba za aphunzitsi zili mumlaga uti.

Nyamazela:
Bambo mkulu wa mpingo, mwayankha bwino koma mwaikira kumbuyo mpingo. Munthu waimirira pamaso pa onse, wanena kuti ndine mlendo, ndili pasukulu yakuti. Mkulu wa mpingo wa dera limenelo analipo, anamva. Chinamuletsa n'chiyani kumutsatira panja? Mlendo ndi amene azisakasaka eni nyumba?

MkuluWaMpingoLuchenza:
Pamenepo sindikutsutsani mayi. Tinalakwa, ndipo timalakwa kawirikawiri. Ndimangofuna aphunzitsiwa apeze khomo lolowera, mlandu wa ife akulu tiukamba kubwalo lathu.

Mbewa2020:
Kalata, buku, khadi. Mpingo kapena ofesi ya DC?

AlamuAKuChonde:
Aphunzitsi, za Chilomwe zija musade nazo nkhawa. Ambiri a ife tinakula tikungomva anganga akuyankhula, ife n'kumayankha m'Chichewa. Ndi chifukwa chake a Mulhako wa Alhomwe amalimbikira kuti chiyankhulochi chisafe, mwezi wa October mudzabwere kuno kwa Chonde mudzaone tchopa ndi maso. Agogo amene mukuwaona panja pa tchalitchiwo sakukunenani. Apatseni moni mutagwada pang'ono, muwafunse kuti moni wa m'mawa m'Chilomwe amati chiyani. Adzaseka, adzakuphunzitsani, Lamulungu linalo adzakuyesani mayeso.

WakuJoniWaLimbuli:
Ndawerenga ndili pantchito, mtima wandipweteka, chifukwa ndikuchidziwa chinthu chimenechi. Ine kwathu ndi ku Limbuli, pafupi ndi chipata cha Muloza. Ndinabwera ku Johannesburg mu 2014. Miyezi yoyamba ndinkagona m'chipinda cha anthu asanu, tonse a Malawi, koma aliyense ndi mavuto ake, wina akabwera usiku wina akudzuka. Sindinkapemphera n'komwe. Kwathu ndinkapita kutchalitchi chifukwa mayi ankandidzutsa.

Tsiku lina m'taxi ndinamva mayi wina akuyankhula pafoni Chichewa chakwathu chenicheni, chokoka chija. Ndinawapatsa moni. Anandifunsa funso limodzi lokha: mumapemphera kuti? Lamulungu anandidikirira pamalo okwerera, tinapita limodzi. Sichinali tchalitchi chomanga ayi, inali kalasi ya pasukulu imene ankachita lendi, mipando ya ana, m'busa wake amagwira ntchito ya ulonda usiku. Atayamba nyimbo ya m'buku m'Chichewa, nyimbo imene ankaikonda malemu bambo anga, mawu anandithera pakhosi. Nditatuluka ndinali ndi manambala a foni asanu ndi limodzi, ndipo ntchito yanga yoyamba yokhazikika anandipezera ndi bambo wina wa momwemo.

Mu 2015, nthawi imene alendo tinkasakidwa, mauthenga oti musadutse msewu wakuti, lero musatuluke, ankayenda pagulu la mpingo. Mabanja awiri anagona kwa msungichuma wathu sabata yathunthu. Koma chimene sindidzaiwala ndi cha mnyamata wina wa ku Phalombe amene anamwalira atadwala masiku ochepa. Analibe mbale aliyense kuno. Anali atangobwera kumapemphero kanayi kapena kasanu. Tinasonkha, amayi anagulitsa mandasi ndi zitumbuwa, ena anakongola kwa mabwana awo, mpaka thupi linanyamuka. Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, mpaka pakhomo pa mayi ake. Mkulu wa mpingo mmodzi anasiya ntchito masiku asanu kuperekeza. Mayi aja anatitumizira uthenga wa mawu, akulira, akuti ndimayesa mwana wanga akaikidwa ngati galu kuchilendo.

Aphunzitsi, musasinthe msanga. Koma musakhalenso benchi lakumbuyo. Mwati mumayimba. Pitani tsiku la pulakatisi ya kwaya, mukangoima pamzere wa alto, mwalowa.

NaphiriWaKuNtchisi:
Achimwene a ku Limbuli, mwandiliza kachiwiri. Ndimayimba soprano. Kwaya ilipo, ndimaimva Loweruka masana ndikamachapa, koma ndimachita manyazi kuti ambiri ndi ana amene ndimawaphunzitsa.

MayiWaMvanoBvumbwe:
Mwana wanga, manyazi a chiyani? Ndipo kwaya si imodzi. Funsani ya amayi. Ife a Mvano wa soprano timachita kumusaka ndi nyali.

WotopaNazo:
Nonse mukukamba zokoma. Ine ndikambe zanga. Ndinakhala ku Cape Town zaka zisanu ndi chimodzi. Mpingo umene ndinalowa kumeneko unali wa a Malawi okhaokha, ndipo poyamba zinali monga wanenera mbale wa ku Limbuliyu. Kenaka zinayamba. Sabata ino mbewu ya mapepala, sabata inayo mbewu ya ntchito, mwezi wamawa tsiku lobadwa la abusa. Munthu wopanda pemiti amakhala ndi mantha tsiku lililonse, ndiye ukamuuza kuti bzala mbewu apolisi asakuone, amapereka ndi ya lendi yomwe. Mnzanga atagwidwa n'kupita naye ku Lindela, kumene amasungako alendo asanawabweze kwawo, palibe wa mpingo anaponda phazi kukamuona.

Ndipo si kunja kokha. Mayi anga anamwalira kuno kumudzi, atapemphera mumpingo wawo zaka zoposa 40. Zaka ziwiri zomaliza anali chigonere, sankapereka. Tsiku la maliro akuluakulu anatsegula buku, n'kuyamba kunong'onezana kuti khadi lawo lili ndi mipata. Tinachita kulipira pompo kuti awayimbire. Mpaka lero ndikamva mawu oti kalata ndi buku, m'mimba mumanditentha. Aphunzitsi, pezani anzanu pamsika, pampira, pachitsime. Anthu abwino ali paliponse.

MayiWaMvanoBvumbwe:
Bambo, pepani. Zimene anakuchitirani pa maliro a mayi anu n'zoipa, ndipo palibe vesi limene lingaziikire kumbuyo. Munthu wodwala mpingo ndi umene umayenera kupita kwa iye, osati iye kutumiza ndalama ali pamphasa. Sindikukuuzani kuti mubwerere. Ndangofuna mumve wa yunifolomu mmodzi akunena kuti analakwa.

WotopaNazo:
Zikomo mayi. Ndinu oyamba kunena choncho.

Mbewa2020:
Nkhani ya makhadi pamaliroyi ndi ya mipingo yambiri, tisanamizane.

MkuluWaMpingoLuchenza:
Ilipo, sindikana. Buku linayenera kutithandiza kudziwa amene sakuoneka kuti tikamuyendere. Ena analisandutsa la ngongole. Koma onaninso mbali ina: aphunzitsiwa adwala masiku anayi popanda owaona chifukwa sali m'buku lililonse. Ndiye tilitaye, kapena tiligwiritse ntchito yake?

DorikaWaKuMakwasa:
Aphunzitsi, ngati muli njira ya ku Thekerani ndiye simuli kutali ndi ife. Kuno ku Makwasa kuli Malamulo, mishoni ya Seventh-day Adventist kuyambira 1902, chipatala chomwe mwina munachiona podutsa. Ife Sabata mlendo sabwerera ndi njala. Mapemphero akatha timayala nsalu pansi pa mitengo, aliyense amatsegula kontena yake, mlendo ndiye amayamba kusamba m'manja. Ana a sukulu ya zachipatala ochokera ku Karonga, ku Mzimba, ngakhale kunja, ambiri amapeza makolo awo a kuno pa nkhomaliro imeneyi. Ndipo nyengo ino ndi ya misonkhano ya misasa. Bwerani mudzangocheza.

MwanaWaSapitwa:
Mayi a Dorika, nkhosa yadwala pang'ono, inu mwafika kale ndi chingwe?

DorikaWaKuMakwasa:
Ndati adzacheze, sindinati adzabatizidwe. Nsima ilibe mpingo.

Nyamazela:
Koma pamenepa a Adventist amatiposa, tivomereze. Ife a Katolika Misa ikatha aliyense ulendo. Chimene chimatigwira ndi limana, ena amati mphakati. Ine nditakwatiwa kuchoka ku Dedza kubwera ku Mulanje, chaka choyamba ndinkangolira. Kuno mwambo ndi woti mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, ndiye ine mkazi wobwera pamudzi wa amuna anga, amayi a pamudzipo onse pachibale, malo ochepa chifukwa kwina konse ndi tiyi. Ankandiona ngati ndadzalanda munda. Kulimana ndi kumene anandipatsa koyamba ntchito, yowerenga mawu, chifukwa ndinkawerenga mosadodoma. Kenaka ulembi. Pamene ndinkachira mwana woyamba ku Mulanje Mission, amene anandidikirira ndi mayi wa kulimana, osati achibale a bambo a kunyumba. Lero mwana ameneyo amawaitana kuti anganga.

ChePhiriWaMangochi:
Ndilowererepo ngakhale ndine Msilamu. Ndimagulitsa usipa ndi utaka pa Luchenza, kwathu ndi ku Mangochi. Nditafika sindinkadziwa munthu. Lachisanu ndinapita kumzikiti, titaswali bambo amene anaima pambali panga anandifunsa kumene ndikugona. Nditati pa resitihausi, anati ayi, ndalama ya mpamba ithera pamenepo. Ndinagona kwawo masabata atatu. Mwezi wa Ramadan sindinamasulepo ndekha ngakhale tsiku limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timaima phewa ndi phewa, ndiye mlendo sabisika. Inu mabenchi anuwo ali ndi kumbuyo.

AlamuAKuChonde:
Che Phiri, usipa wanuwo mwakweza mtengo bwanji chaka chino? Kambale kamene kanali kodyera banja lonse pano n'kongonunkhiritsa nandolo.

ChePhiriWaMangochi:
Alamu, kafunseni mwera kunyanja ndi mtengo wa mafuta. Miyezi ino asodzi salowa kawirikawiri.

MwanaWaSapitwa:
Ndiye aphunzitsi azolowere nandolo basi. Ino ndi nyengo ya wamuwisi. Koma kalongonda asayerekeze kuphika okha.

NaphiriWaKuNtchisi:
Kalongonda ndinamuona pamsika, ndimayesa nyemba zazikulu. Ali ndi vuto lanji?

AlamuAKuChonde:
Amaledzeretsa, mutu umazungulira, mukhoza kugona nawo kuchipatala. Amafuna kuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, kambirimbiri, ndi kusenda makoko. Nkhuni zake si zamasewera. Akapsa bwino ndiye simudzafunanso nyama. Gulani wophikaphika kwa amayi odziwa.

MayiWaMvanoBvumbwe:
Ndipo nthochi zimene Thyolo inkatchuka nazo mukanazipeza kale. Malole ankachita kudzaza pa Thekerani pomwepo kupita ku Limbe. Matenda a chisaka aja anatha minda yambiri, anthu anachita kuzula ndi mitsitsi yomwe. Panopa ndiye zikubwerera pang'onopang'ono ndi mbewu zatsopano.

Mbewa2020:
Munthu wafunsa za tchalitchi, inu muli pa nthochi.

GogoWaTheba:
Ndalemberedwa ndi mdzukulu, ine maso anafooka. Ndikufuna ndiuze mwana wa ku Ntchisiyu kuti kuno kumene waferako manyaziku, eni ake ambiri ndi obweranso. Makolo athu anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzakhala m'minda ya azungu, kulipira malo ndi thukuta lawo, thangata. Anafika opanda munda, opanda mfumu yawo. Ambiri chimene anayamba kumanga chinali kachisi wa udzu, chifukwa ndi pamene ankatha kukumana osaopa kapitawo.

Ine ndinapita ku migodi ndi Wenela ndili mnyamata, ndinabwerako chaka chimene ndege inagwa ku Francistown, 1974, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Kukomponi tinkagona pa mabedi a simenti. Lamulungu a Nyasaland tinkasonkhana pakona, wa Chikatolika, wa Mishoni, wa Chalichi cha Khristu, buku la nyimbo limodzi long'ambika. Amene ankadziwa kulemba ankalembera anzake makalata a kumudzi pomwepo. Amene anasiya kubwera pakona paja ndi amene ambiri anasanduka matchona, chifukwa panalibenso womufunsa kuti kodi kwanu watumizako kanthu? Achimwene anga anapita ku Rhodesia, iwo anakapeza a kwathu atamanga kale mpingo, umene lero ndi Sinodi ya Harare. Anaikidwa komweko, ndi a mpingo.

Mwana wanga, ukamva kulira pamudzi wayandikana ndi sukulu, usafunse kuti wamwalira ndi wa mpingo uti. Tenga chitenje, kakhale ndi amayi kuseri, katunge madzi, kapale nkhuni. Kuno munthu timamudziwira pamaliro.

WakuJoniWaLimbuli:
Agogo, mwanena zoona za womufunsa uja. Kuno msungichuma wathu amachita kukufunsa pamaso kuti mwezi uno wapita ku Mukuru? Ena amakwiya, koma ana kumudzi amadya.

WotopaNazo:
Za maliro agogo anenazo ndikugwirizana nazo, ndipo onani kuti sizifuna khadi.

MwanaWaSapitwa:
Achimwene Wotopa, ine ndinali kumbali yanu mpaka March 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'phiri, ine ndinali ku Lilongwe kuntchito, mayi anga ndi ana a mlongo wanga ali kumudzi kuno ku Mulanje, mafoni osagwira, milatho itaduka. Masiku atatu osadziwa ngati ali moyo. Anapezeka m'tchalitchi cha mpingo umene si wawo n'komwe, anthu oposa amene chimalandira pa Khirisimasi, mabenchi atawasandutsa mabedi. Ndipo ku Lilongweko amene anakhala nane usiku wonse ndikuyesa manambala ndi anyamata awiri a kumlaga kwathu, mmodzi wa ku Rumphi, wina wa ku Mchinji, oti Mulanje sanapondeko. Atatha masiku amenewo anasonkhanitsa matumba anayi a zovala ndi ufa. Zimene anakuchitani inu n'zoona. Izinso n'zoona.

WotopaNazo:
Sindikutsutsa. Mwina tsiku lina.

NaphiriWaKuNtchisi:
Abale, ndabweranso patatha masabata awiri kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinaimbira mayi, akuti kalata mlembi alemba abusa akabwera kudzadyetsa mgonero, ndiye sinafike. Koma ndinachita zimene ananena bambo a ku Luchenza. Nditafunsa za mlaga, bambo amene ndinawafunsawo anagwira pakamwa, akuti aphunzitsi, ife timayesa mumapita kwanu sabata iliyonse. Za malungo zija sanamve n'komwe.

Lachitatu lapitali kunagwa maliro kuseri kwa sukulu, agogo aamuna a mwana wa m'kalasi mwanga. Ndinakumbukira mawu a agogo a Theba. Nditaweruka ndinamanga chitenje, ndinapita. Poyamba amayi anandiyalira mkeka kuti ndikhale, akuti aphunzitsi musadetse manja. Ndinakana, ndinatenga ndowa. Mjigo uli kutsidya kwa munda wa tiyi, njira yoterera, tinapita maulendo anayi. Ulendo wachitatu mayi wina anayamba nyimbo, ine n'kulandira mwamba osaganiza. Anaima, anatula ndowa pansi, akuti mawu amenewa mumawabisa kuti? Usiku tinachezera kuyimba m'nyumba ya siwa. M'mawa agogo ena aakazi, omwe aja ndinkawadutsa panja pa tchalitchi, anandipatsa nandolo wamuwisi m'kathumba ka shuga, ndi chinangwa chiwiri.

Sindinama kuti zonse zatha. Madzulo ndimawasowabe mayi anga, ndipo pempho langa lobwerera kwathu sindinalichotse. Bambo Wotopa, nkhani ya mayi anu sinandichoke m'mutu, ndipo ndikadzalowa m'buku lawolo ndidzafunsa kuti odwala amawatani. Koma Loweruka ndikupita ku kwaya ya amayi. Ndipo andiuza kuti mlaga wa sabata yamawa ukumana kwanga. Ndili ndi mipando iwiri yokha ndi makapu atatu. Amabwera anthu angati, ndipo ndiyenera kuwaphikira?

MayiWaMvanoBvumbwe:
Musaphike kanthu mwana wanga, mukayamba inu mudzavutitsa osauka amene adzalandire pambuyo panu. Sesani pakhonde, bwerekani mikeka iwiri kwa akazi a ahedi, mipando iwiriyo ikhale ya akulu ampingo. Nyimbo yotsegulira adzakupemphani ndinu, isankhirenitu.

AlamuAKuChonde:
Ndipo kathumba ka anganga aja musabweze kopanda kanthu. Ikanimo mchere pang'ono kapena sopo.